Boma la a Mvuu M'nyumba ya Magalasi

Padangokhala. Amene muli nane vomerani, koma amene mukusinza musadzandifunse mawa kuti inatha bwanji, ine si wailesi yobwereza nkhani.

Padangokhala a Njiri, aja a nkhope yoti mwana akaiona amasiya kuyamwa. A Njiri ndiwo anali oyamba m'dziko la nyama kutulukira kuti mchenga ukauotcha kwambiri umasungunuka, ndipo ukazizira umasanduka galasi. Anamanga ng'anjo yaikulu nayamba kupanga mabotolo, matambula, magalasi a m'mazenera ndi akalilole. Taganizani inu, njiri kupanga kalilole! Eni akewo sanadziyang'anepo ndi tsiku limodzi lomwe, ankati katundu wamalonda saseweretsa.

Ng'anjoyo inali ndi khalidwe limodzi loipa, siinkazima. Ikanati izime, galasi la m'kati likanauma n'kuswa ng'anjo yonse, choncho moto unkayaka chaka chathunthu, ukudya makala ngolo ndi ngolo. Utsi wake unali wa mitundu iwiri. Wina unali wakuda, wotsokomoletsa, woti aliyense ankauona. Winawo sunkaoneka n'komwe, koma ndiwo unali mfiti yeniyeni. Unkakwera n'kukayala kumwamba ngati bulangete, ndiye kutentha kwa dzuwa kukalowa m'dziko sikunkapezanso potulukira. Mvula inayamba kugwa mwamanyazi, ndipo zithaphwi zinkauma msanga.

Amene zinamupweteka kwambiri anali Nachidwe, chule wamkulu uja wa pakhosi pachikasu. Kwa achule a mtundu wake, mayi akaikira mazira ntchito yake yatha, wolera ana ndi bambo. Bamboyo amakhala m'mbali mwa chithaphwi kulondera mbululu zake, tiana tija tisanamere miyendo, ndipo madzi akayamba kuchepa amakumba kangalande ndi miyendo yakumbuyo kuti ena abwere. Mbululu imafuna masiku makumi anayi kuti imere miyendo n'kutuluka m'madzi. Kale chithaphwi cha Nachidwe chinkakhala miyezi itatu. Chiyambire ng'anjo chinkauma masikuwo asanakwane, ndipo zaka ziwiri zotsatizana Nachidwe anaona ana ake onse akuumira m'matope. Chaka chachitatu mkazi wake anaikira mazira, namuuza kuti amenewa ndi otsiriza chifukwa mtima wake watopa ndi maliro, basi anamanga katundu napita kwawo.

Mazira ataswa, chithaphwi chinada bii ndi mbululu. Nachidwe anali ndi nyimbo yomwe ankaziimbira m'mawa uliwonse. M'nyimbomo ankatchula masiku otsala, n'kumachonderera miyendo kuti ifulumire poti madzi sadikira mwana wa wina, kenako ankasiya kampata. Pa kampatapo mbululu zonse zinkavomera pamodzi kuti zamva ndipo zikuyesetsa. Masiku oyambawo zikavomera, madzi ankachita kunjenjemera.

Tsono boma la dzikolo linali m'manja mwa a Mvuu, ndipo Nyumba ya Malamulo inkakumana m'dziwe lakuya, nduna zonse zitamira mpaka m'mphuno. Nyumbayi inali ndi miyambo iwiri yosaphwanyika ngakhale kutagwa chiyani. Nkhani yakale yosatha ndiyo inkayamba kukambidwa, ndipo nkhani siinkatha mpaka wodandaula atadinda chala kuti wakhutira. Wosunga mndandanda wa nkhanizo anali mlembi wawo, a Kamba, amene ankalemba chilembo chimodzi n'kuyamba apuma. Mwambo winawo unali woti Nyumba ikakhala pansi palibe nduna yotuluka mpaka a Kamba ataonetsa pepala lodindidwa chala, ndipo polowera pankaima a Nungu, msilikali wosadziwa nthabwala. M'madzi ozizira mwambo umenewu sunkavuta aliyense. Ena ankagona, ena ankangotulutsa thovu.

Atatsala masiku makumi atatu ndi asanu, Nachidwe anaona kuti madzi ayamba kale kuthawa m'mbali, ndipo anapita ku dziwe la boma. Anaomba m'manja, nati, "Olemekezeka, ng'anjo ya a Njiri ikutenthetsa dziko. Madzi a ana anga sadzafika tsiku lomera miyendo."

A Mvuu anatulutsa makutu m'madzi nafunsa nduna zawo ngati pali amene akumva kutentha. A Ng'ona anati iwo akumva kachisanu kumchiraku. A Njati anati mwina chuleyo ali ndi malungo, apite akagone. Nkhani ikanathera pomwepo, koma chisankho chinali pafupi, ndipo achule pamzere wovota ndi ambiri zedi. Choncho Nyumba inakhazikitsa lamulo loti utsi wakuda usaonekenso m'dziko muno. Udindo woyendera ng'anjo unapatsidwa kwa a Mfuko, alamu awo a a Mvuu. Musandifunse kuti ukwatiwo unayenda bwanji, inenso sindinaitanidwe.

A Mfuko, monga mukudziwa, maso awo ndi a dzina chabe. Atafika ku ng'anjo, a Njiri anawalandira atagwada, paja a Njiri kugwada sikuwavuta, amadya ali chogwada. Anawapatsa kalilole wamkulu ngati mphatso, nawatsogolera patsinde pa chumuni pomwe utsi unali tolotolo. A Mfuko anatsokomola mpaka misozi, anatembenukira kum'mawa, anatembenukira kumadzulo, n'kubwerera ku Nyumba kukanena kuti ayang'ana mbali zonse koma utsi sanauone. Bodza panalibepo, ndipo a Kamba analemba. Atamupatsa pepala Nachidwe kuti adinde chala, iye anabisa manja kumbuyo. A Kamba anangoti palibe kanthu, mlandu suwola, nabwezera nkhaniyo pamwamba pa mndandanda.

Nachidwe anabwerera kwa ana ake nawaimbira, ndipo anavomera onse. Zithaphwi zoyandikana nazo zinali zitauma, kotero anayamba kukumba kangalande kolunjika ku dziwe la boma, ngakhale ankadziwa kuti madzi a kumeneko ndi oletsedwa kwa nyama wamba. Unali mtunda wautali kwa chule, koma ankakumba tsiku lililonse mpaka miyendo kutupa.

Atatsala masiku makumi awiri ndi asanu anapitanso ku Nyumba. Ulendo uno anafotokoza bwinobwino kuti utsi wakudawo mlandu wake ndi waung'ono, woopsa ndi uja wosaoneka, woyala kumwamba. A Mvuu anayasamula nafunsa kuti chinthu chosaoneka boma lingachimange bwanji, chingwe chake n'chiti. Nduna zinaseka mpaka madzi kuwira. Komabe pofuna kuti chule asiye phokoso, anakhazikitsa lamulo lachiwiri loti utsi wamtundu uliwonse, wooneka kapena wosaoneka, usatulukire m'dziko la a Mvuu.

A Njiri analandira lamulolo ndi manja awiri. Anaitana a Mfuko, oyendera ng'anjo omwe aja, nawapatsa ganyu yokumba una wautali kuchokera ku ng'anjo mpaka kutsidya kwa malire, m'dziko la Anyani. Pa ntchito iyi yokha a Mfuko anali katswiri, masiku atatu una unatha. Chumuni anachitseka, utsi wonse unkatulukira kwa Anyani. A Mvuu analengeza kuti dziko lawo ndilo loyamba pansi pano kukhala lopanda utsi, ndipo kunavinidwa. Madzulo ake mphepo inaubweza utsi uja, utasakanikirana ndi matemberero a Anyani.

"Kodi kumwambaku kuli malire?" anafunsa Nachidwe.

A Kamba anafufuza m'mapepala theka la tsiku, nayankha kuti za kumwamba lamulo silinanenepo kanthu. Nachidwe anabisanso chala chake. Atafika ku chithaphwi anapeza madzi abwerera pakati, ndipo mbululu zambiri zatsalira m'timaenje ta m'mbali, zauma. Anaimba nyimbo ija, zotsalazo zinavomera, koma madzi sananjenjemere.

Tsiku lina akukumba ngalande yake anakumana ndi nyerere zomwe zinkasenza mchenga wa ku ng'anjo. Zinamuuza chinsinsi cha ntchitoyo, kuti magalasi akale osweka amasungunuka msanga, safuna moto wambiri ngati mchenga. Ndipo mabotolo osweka anali mbwee m'dzala lililonse, akucheka nyama mapazi. Nachidwe anathamangira ku Nyumba atatsala masiku khumi ndi asanu, napempha kuti theka la zolowa m'ng'anjo likhale magalasi akale osweka, otoledwa m'madzala. Nduna zinavomera msanga chifukwa inali nthawi ya nkhomaliro. A Kamba analemba mpaka pa mawu oti osweka, ndipo a Mvuu anati pakwana, zinazo aliyense akudziwa.

Tsiku limenelo Nachidwe anaimba mokweza ngati tsiku loyamba, chala chokha anati adinda akaona makala atachepa. Patapita masiku atatu kunamveka phokoso kuchokera kwa a Njiri, phwa, phwa, phwa, tsiku lonse. Atapita kukaona anapeza ng'anjo zili ziwiri. Yatsopanoyo inkapanga mabotolo atsopano, onyezimira, antchito n'kumawaphwanya ndi misi pomwepo, zidutswazo n'kumakathira m'ng'anjo yakale. Ngolo za makala zinali pamzere wofika kumsewu.

"Achimwene, n'chiyani chimenechi?" anafunsa Nachidwe.

"Kumvera lamulo," anatero a Njiri, mchira uli njoo. "Lamulo lati osweka. Tayang'anani, pali lathunthu apa? Mumafuna ine, mwini ng'anjo, ndizikafukula m'madzala ngati galu?"

Nachidwe anabwerera mutu uli pansi. Chithaphwi chinali chitatsala ngati lichero, ndipo mbululu zinali zitapanikizana, zikutulutsa timilomo pamwamba. Anayamba nyimbo, koma atafika potchula masiku khumi ndi awiri otsala mawu anamuthera, ndipo analira. Analira zenizeni chule wamkulu uja, poti lamulo lachitatuli analipempha yekha ndipo ndilo linawirikiza moto.

Ali chikhalire anamva kanthu kakugunda. Linali botolo lotayidwa padzuwa, m'kati mwake mutalowa kachiwala, kakudzimenya m'galasi. Kunja kunkadutsa kamphepo, koma Nachidwe atalowetsa dzanja m'botolomo anachita kulibweza, munali motentha ngati mumphika. Anagudubuza botolo, kachiwala kanagwa pansi kali wefuwefu, n'kuthawa osathokoza. Nachidwe analiyang'ana botolo lija nthawi yaitali, kenako anapukuta misozi.

M'mawa mwake anapita kwa a Njiri, koma osati ndi nkhope ya dandaulo. Anagwada iyeyo, nanena kuti wagonja, waona kuti m'dziko lonse palibe womvera malamulo ngati a Njiri, malamulo atatu osaphwanya ndi limodzi lomwe. Anati munthu wotere ayenera kuvekedwa mendulo pamaso pa dziko. Chomvetsa chisoni n'chakuti boma limakumana m'madzi amatope, ndiye akadzawaveka adzaona ndani, nsomba? A Njiri anakanda chibwano. Nachidwe anapitiriza kuti magalasi aunjikana chiyambire ng'anjo yachiwiri, bwanji osamangira boma nyumba ya magalasi okhaokha, makoma ndi denga lomwe, kuti dziko lonse lizidzaona amene anaimanga akulemekezedwa m'katimo.

"Mazenera angati?" anafunsa a Njiri, maso atayera.

"Otsegula ayi, ngakhale limodzi," anatero Nachidwe. "Mukaika zenera mudzalowa madandaulo a anthu ngati ine. Ndipo makoma akhale ochindikala, paja a Mvuu akatsamira chinthu sichichedwa kugwa."

A Njiri anati chiyambire kumudziwa chule ameneyu, lero ndiye wayankhula zanzeru.

Kuchoka apo Nachidwe anapita kwa a Mvuu. Anawauza kuti poyenda m'midzi wamva nyama zikudandaula kuti zaka zonsezi zimavotera mphuno ndi makutu, thupi la mtsogoleri wawo sizinalionepo. Ena ayamba kunena kuti mwina pansi pa madzipo palibe thupi lenileni, ndi kanyama kowonda. A Mvuu anavuuka m'madzi mpaka m'chiuno ndi mkwiyo, nafunsa kuti wanena zimenezo ndani. Nachidwe anati mayina sangatchule, koma mankhwala ake alipo, a Njiri akumanga nyumba yoti aliyense adzaone mafuta onse a boma. Analangizanso kuti mwambo wotsegulira udzachitike dzuwa lili paliwombo, poti ndi pamene galasi limawala bwino ndipo khungu la olemekezeka lidzanyezimira. A Mvuu analamula a Kamba kuti alembe lamulo losamukiramo ndi tsiku lake.

Nyumbayo inatha m'sabata imodzi. M'sabata imeneyo ngalande ya Nachidwe inafika pa khoma la dziwe la boma, panangotsala dothi lokwana chikhatho. A Nungu anabwera, anayang'ana, nanena kuti akangoboola popanda pepala amusandutsa sefa. Chithaphwi nacho chinali chitatha. Panatsala kadzenje kamodzi, pomwe panaponda njati, ndipo Nachidwe anasonkhanitsira m'menemo mbululu zomwe zinali zikupumabe, naphimbapo ndi tsamba. M'mawa wa tsiku la mwambo anaziimbira za masiku anayi otsala. Zinavomera motsitsa, moti anachita kuika khutu pa tsamba kuti amve.

Dziko lonse linasonkhana kudzaona. Nduna zinatuluka m'madzi zikuyenda monyang'wa, a Mvuu patsogolo, a Njiri pambuyo atapesa tindevu tawo, a Mfuko atagwira kalilole wawo chozondotsa. Nachidwe anabwera atadzimata matope onyowa thupi lonse, maso okha ali kunja. A Njati anaseka nanena kuti ena sadziwa kuvalira mwambo. Onse atalowa, a Nungu anatseka chitseko, anachitsamira ndi msana wawo waminga ali panja, pamthunzi, ndipo Nyumba inakhala pansi.

A Mvuu anatsokomola kuti ayambe kutamanda a Njiri, koma a Kamba anakweza dzanja. Anati pepani olemekezeka, mwambo ndi mwambo, nkhani yakale yosatha iyambe, ndipo pamwamba pa mndandanda pali dandaulo la Nachidwe. A Mvuu anati chabwino, chule adinde chala tipitirize, paja wagonja kale. Nachidwe anati adinda, koma aloledwe kaye kufotokoza nkhaniyo kuyambira pachiyambi, kuti olemba alembe bwino. Ndiye anayambira pa agogo ake.

Asanafike n'komwe pa bambo ake, a Ng'ona anali atayasama kukamwa. A Njati anayamba kupuma ngati mvukuto. Khungu la a Mvuu linasiya kunyezimira, linayamba kuthetheka.

"Wakoleza moto ndani muno?" anafunsa a Mvuu.

"Palibe moto, olemekezeka," anayankha Nachidwe. "Ndi dzuwa lomwe lija la masiku onse. Lalowa, koma lasowa potulukira."

"Nanga chikulitsekera n'chiyani? Ine sindikuona kanthu."

"N'chosaoneka. Funsani a Mfuko ngati akuona utsi."

A Mfuko, ali chagada, anati sakuona chilichonse. A Njati anadandaula kuti mutu ukuwazungulira, ndipo Nachidwe anawayankha mwaulemu kuti mwina ali ndi malungo.

A Mvuu anakuwa kuti chitseko chitsegulidwe. Koma makoma anali ochindikala monga analangizira chule, mawu sankatuluka. A Nungu anacheuka, anaona bwana wawo atayasama, anamenya sawatcha n'kutsamiranso chitseko, poti pepala anali asanalione. Khamu la panja linaona nduna zikutukula manja ndi kutsegula pakamwa, linati koma lero ndiye boma likugwira ntchito, n'kuyamba kuomba m'manja ndi kululutira. A Mvuu anagunda khoma ndi phewa, silinagwedezeke, ndipo a Njiri mwa chizolowezi ananena kuti katundu wawo ndi wolimba. A Mvuu anawayang'ana diso loti a Njiri sanayankhulenso.

"Lembani msanga," anatero a Mvuu kwa a Kamba. "Lembani kuti kutentha kwaletsedwa m'dziko muno."

Nachidwe anabisa manja kumbuyo. Matope a pathupi pake anali atayamba kuuma ndi kung'ambika, ndipo chule akauma khungu sakhalitsa, iye ankadziwa zimenezo kuposa onse. Koma anati malamulo otere alipo kale atatu, ulendo uno anena yekha mawu ake ndipo a Kamba alembe mpaka kumapeto. A Mvuu anati anene, anene chilichonse. Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nachidwe anati boma lisiye kuyang'ana kotulukira utsi, liziyang'ana kolowera makala, ndipo ngolo zolowa zichepe ndi theka chaka chino, chaka chamawa zichepenso. Ng'anjo yachiwiri izime lero lomwe. Una wopita kwa Anyani ukwiriridwe. Magalasi osweka akhale akale, a m'dzala, obwera ndi litsiro lawo ngati umboni. Ndipo woyendera ng'anjo asankhidwe pakati pa okhala m'madzi osaya, amene dziko likatentha amayamba ndiwo kupsa. A Njiri anagwada kuti apemphe chifundo, koma pansi panali potentha ngati chiwaya, anadzambatuka mchira uli m'mwamba nanena kuti avomera, mabotolo a m'dzala si oipa kwenikweni. A Kamba ankalemba, chilembo chimodzi, kupuma, chilembo china. Nduna zomwe kale zinkagona podikira cholembera chimenechi, lero zinkachiyang'ana misozi ili m'maso.

"Dinda tsopano," anatero a Mvuu ndi mawu osasa.

"Patsala chimodzi. Lamuloli lithandiza ana a chaka chamawa, anga ali m'phazi la njati lero. Ngalande yanga iboole dziwe la boma, ndipo isadzatsekedwenso. Madzi anu ndi athu akhale amodzi."

"Ndiye kuti dziwe lathu lizitsika."

"Likamatsika muzidziwa nokha kuti lamulo silikugwira ntchito, osadikira chule kuti adzakuuzeni."

Apa a Mvuu anakana. Anati zina zonse inde, koma madzi a boma ndi a boma. Nachidwe anangokhala pansi. Matope anali atayoyoka onse, khungu lake litachita makwinya, maso akulowa m'kati.  Kenako a Ng'ona anakomoka. Thukuta la a Mvuu linatha loyera, linayamba kutuluka lofiira, likuyenderera m'khosi. Ataliona, mantha anawagwira, nauza a Kamba kuti alembe za ngalandezo.

A Kamba atamaliza anapeza inki yodindira yauma gwaa m'kabotolo kake, ndipo anati popanda chidindo pepala si pepala. Nachidwe anadzikoka pang'onopang'ono mpaka pa mwendo wa a Mvuu, anaviika chala m'thukuta lofiira lija, nadinda. A Kamba anagunditsa pepala pagalasi, a Nungu analiwerenga lonse kuyambira pamwamba, ndipo anatsegula.

Ulemu wonse unathera pakhomo. Nduna zinatuluka zikupondana, khamu likuganiza kuti ndi gule watsopano. A Mvuu anathamanga ngati sanathamangepo chibadwire, nadziponya m'dziwe, khuvuu. Funde lake linagumula kadothi kaja kokwana chikhatho, ndipo madzi a boma analowa m'ngalande ya chule kwa nthawi yoyamba.

Nachidwe sakanatha kudumpha. Anagwera m'ngalandemo, madzi anamutenga mpaka kwawo. Anapeza chithaphwi chikudzaza, tsamba lija likuyandama, phazi la njati litamira. Anakhala m'mbali nayamba nyimbo, anatchula masiku anayi, anachonderera miyendo, nasiya kampata. Palibe anavomera. Anaimbanso kachiwiri, kampata kanadutsa chete. Anaimba kachitatu, ndipo chapakati pa madzi panamveka timawu, titatu tokha, tikuti tamva ndipo tikuyesetsa.

Mwa mbululu zomwe zinadetsa chithaphwi chija, zitatu ndizo zinatuluka ndi miyendo tsiku la makumi anayi. Nachidwe anazitenga kupita nazo kwa amayi awo. Mayiyo anaziyang'ana, anayang'ana kumbuyo kwa mwamuna wake ngati kukubwera zina.

Kuyambira pamenepo a Njiri amayenda chogwada m'madzala, akufukula mabotolo akale ndi mphuno. A Mvuu akakhala padzuwa thukuta lawo limatuluka lofiira, ndipo madzi akatsika pang'ono amatuma mthenga ku ng'anjo dzuwa lisanakwere. Nyumba ya magalasi ija ikadalipo. A Kamba anapeza kuti lamulo losamukiramo silinafafanizidwe, ndiye nkhani za utsi zimakambidwa momwemo, masana, ndipo ndi nkhani zokhazo m'boma lonse zomwe sizigona pa mndandanda.

Koma Nachidwe sanasiye kukumba ngalande, amati pepala silisunga madzi. Ndipo mukadzamumva akuimba nthawi ya dzinja, mudzatchere khutu. Amaimba pang'ono n'kukhala chete nthawi yaitali, yaitali kuposa imene ana ake amafuna kuti avomere. Amakhala akudikira aja sanavomere.

Yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata, ngakhale moto sitinakoleze, yapsa yokha ndi dzuwa.